Zimene Yvette Anaona M'nyumba ya a Papillion

Lamulungu limenelo Mayi Ozella Papillion sanadikire n'komwe kuti pemphero la chakudya lizizire. Atangoti amen, anaika supuni pansi n'kuyang'ana mpongozi wawo.

"Ndamva kuti kamtsikana ka loya kaja kanafika kuntchito kwako, Yvette."

Yvette anapitiriza kuthira gumbo, msuzi wathu wa nkhanu ndi therere, pa mpunga wa mwamuna wake. "Anafikadi, Amayi."

"Ndiye unakauza zotani?"

"Ndinati ndili pa ntchito."

"Uzingokhala pa ntchito choncho mpaka mlandu uthe. Za m'nyumba muno si za kukhoti. Wandimva?"

Alton, mwamuna wa Yvette, mwana yekhayo wobadwa kwa Mayi Ozella, anaweramira m'mbale ngati wataya kanthu mmenemo. Anali bambo wa zaka makumi asanu, woyendetsa mathirakitala m'minda ya nzimbe, munthu wa mapewa ngati chitseko. Koma mayi ake akangokweza mawu, ankasanduka kamwana ka sukulu.

Ife a m'tauni ya Belle Anse tonse tinkaudziwa mlanduwo. Jerrod Papillion anali mwana wa malemu bambo Papillion, koma wa kunja, wobadwa kwa mkazi wina wa ku New Orleans. Mkaziyo atamwalira, bambowo anabwera naye mwanayo kunyumba, zovala zake zili m'jumbo, n'kuuza Mayi Ozella kuti amulere. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Jerrod analowa mu golosale ya a Fontenot ndi mfuti yobwereka, ndipo a Fontenot anafera pambali pa firiji ya zakumwa. Khoti silinataye nthawi. Linalamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, popanda tsiku loti adzapemphe kutuluka. Kwathu kuno ku Louisiana chilango chimenecho sichinkafunsa zaka za munthu.

Tsopano Jerrod anali atakwana zaka makumi anayi. Khoti lalikulu la dziko linali litagamula kuti onse amene anatsekeredwa chotero ali ana, milandu yawo iunikidwenso. Woweruza amve kuti mwanayo anakula bwanji, ankagona pati, anamulera ndani, kenako aone ngati ayenera kufera m'ndende kapena apatsidwe mwayi wodzapempha kutuluka. Povuta panali pamenepo. Kuti Jerrod asafere m'ndende, panafunika munthu wa m'banjamo aime pamaso pa anthu n'kuvula banja lonse.

Mayi Ozella anali atasankha kale mbali yawo. Anavomera kukaikira umboni boma, kuti mwanayo anamulera ngati wobala okha koma anabadwa ndi mtima wa chilombo. Ndani akanawatsutsa? Anali mkulu wa amayi a mpingo, ovala zoyera kuyambira chipewa mpaka nsapato, otsogolera nyimbo pa maliro alionse. Komanso, tisabisane, bambo Papillion anamwalira osagawa chuma, ndipo gawo la nyumba imene ankadyeramo gumboyo linali la Jerrod. Munthu wofera m'ndende safunsa za nyumba.

"Ine ndinayesetsa," anatero Mayi Ozella uku akusenda nkhanu. "Koma magazi oipa ndi oipa basi. Ana a pathengo onse n'chimodzimodzi, sayamika. Nanga wako uja, Yvette? Ndamva kwa Mayi Dautrive kuti Simone wachititsa ukwati ku Houston mwezi wathawu. Wa diresi loyera, ati. Anakuitana?"

Chipande chinagwa m'manja mwa Yvette. Sankadziwa. Mwana wake yemwe anakwatiwa, iye n'kumvera pa tebulo, pakamwa pa apongozi.

Simone anali mwana amene Yvette anabwera naye m'banjamo ali wa m'manja. Mayi Ozella sanamutchulepo dzina, ankangoti "kamlendo kako." Jerrod atamangidwa, ukali wonse wa m'nyumbamo unatembenukira kwa kamtsikanako, mpaka Yvette, pofuna kusunga ukwati, anatumiza mwanayo kwa mkulu wake ku Houston. Simone anakula akudziwa kuti mayi ake anasankha mwamuna n'kusiya iye, ndipo sanakhululuke.

"Amayi, zimenezo zisiyeni," anatero Alton ndi mawu a pansi.

"Ndalakwa chiyani? Ndangofunsa. Idya, chakudya chikuzizira."

Yvette anadzuka. Misozi inali itafika kale pachibwano. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha bambo Papillion chinapendekeka pakhoma.

Alton anamulondola patapita kanthawi. Anamupeza atakhala pa bedi, maso ali ofiira koma ouma.

"Unkadziwa?" anafunsa Yvette.

"Ndinamva sabata yatha. Ndimafuna ndikuuze pa nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino! Wandisiya kuti mayi ako andibaye nazo pa tebulo. Alton, ine ndinataya mwana wanga chifukwa cha nyumba ino. Ndachapa zovala za mayi ako, ndawadula zikhadabo, ndawapirira matukwana zaka zonsezi, ndiye lero akundiseka kuti mwana wanga sanandiitane?"

"Ndi okalamba, Yve. Pakamwa pawo ukupadziwa."

"Nanenso pakamwa ndili napo. Ndinangopatseka."

Alton anatseka chitseko bwinobwino n'kuima patsogolo pake. "Ukutanthauza chiyani?"

"Ukudziwa chimene ndikutanthauza. Ndikaonana naye loya uja."

"Usayerekeze. Ndikukupempha, mkazi wanga, usayerekeze. Zinthu zija zinapita. Jerrod anapha munthu, si bodza. Ukufuna kuti mayi anga afe ndi manyazi chifukwa cha chigawenga?"

"Ndikufuna afe ndi manyazi chifukwa cha ine. Ndikufuna ndiwaone chipewa chija chikunjenjemera."

"Ukatsegula pakamwa m'khoti muja, m'nyumba muno usadzapondemonso."

Yvette anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Taonani, lero atulutsa mawu a chimuna. Kwa mkazi wawo. Kwa mayi awo amangoti inde Amayi, pepani Amayi."

Alton anatuluka, ndipo chitseko chinamenyetsedwa kachiwiri tsiku limenelo.

Loyayo anali Mayi Tran, mkazi wochepa thupi, mwana wa asodzi a kugombe, amene ankayenda ndi galimoto yodzaza mapepala. Anakumana ndi Yvette Lachiwiri masana kuseri kwa khitchini ya sukulu kumene Yvette ankaphikira ana.

"Ndikuuzenitu poyamba," anatero Yvette. "Musandiyese munthu wabwino. Mlamu wangayo sindinakamuonepo kundende ngakhale kamodzi. Ine ndikufuna apongozi anga."

"Chifukwa chanu ndi chanu, mayi. Ine ndikufuna zoona basi. Jerrod wandionetsa msana wake, koma za m'nyumbamo salankhula. Amangoti, kafunseni alamu anga, anaona. Popanda munthu woona ndi maso, boma lidzati zipserazo anazipeza kundende."

"Ndinaona. Ndinena."

"Koma mumvetse chinthu chimodzi. Mukalumbira, simusankha mafunso. Ine ndikamaliza, loya wa boma adzakufunsani zake, ndipo mudzayenera kuyankha zonse, zokoma ndi zowawa zomwe."

"Andifunse zimene akufuna," anatero Yvette. Mutu wake unali pa chipewa cha apongozi, ndipo chenjezolo linangodutsa.

Masiku otsatirawo m'nyumba ya a Papillion munali bata loopsa. Yvette ankaphika, kuchapa, kuyankha kuti inde Amayi. Alton anaganiza kuti mkazi wake wazizira mtima. Mayi Ozella anasita diresi lawo loyera, ndipo anachita zimene amayi otchuka a kwathu kuno amachita akakhala ndi tsiku lalikulu: anaitana amayi onse a mpingo kuti akawaperekeze. Analengeza m'tchalitchi kuti Satana akufuna kutsegula zitseko za ndende, ndiye alongo abwere adzaime nawo. Basi ya mpingo inadzaza.

Tsiku la mlandu, mabenchi a kumanja anayera ndi madiresi ndi zipewa ngati tsiku la ubatizo. Jerrod analowa ndi alonda awiri, atavala za akaidi, unyolo uli m'manja ndi m'miyendo. Amene tinkamukumbukira ali kamnyamata kowonda tinadabwa kuona bambo wa imvi m'mbali, wovala magalasi, nkhope yeniyeni ya malemu bambo ake. Sanayang'ane aliyense.

Woyamba kulankhula anali Renée Fontenot, mwana wa malemu uja wa golosale. Analankhula chilili.

"Ndinali ndi zaka khumi pamene munthu uyu anapha bambo anga. Akuti anali mwana. Nanga ine ndinali chiyani? Ndani anaunikanso mlandu wanga? Mayi anga anafa akudziwa kuti munthuyu sadzatuluka, boma linatilonjeza. Ine sindinabwere kudzakhululuka. Ndikufuna akalambe ali mmenemo, adwalire mmenemo, amukwirire mmenemo."

Jerrod anaweramitsa mutu, misozi ikudontha pa unyolo. Palibe amene akanamudzudzula Renée, ndipo ine wolemba nkhaniyi sindimudzudzula mpaka lero.

Kenako Mayi Ozella anakwera pa mpando wa mboni, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo kuti aliyense aone bwino. Anaika dzanja pa Baibulo ngati akulidalitsa.

"Bwana woweruza, mwana ameneyu ndinamulandira ndi manja awiri, ngakhale anabwera ndi manyazi m'banja langa. Ankadya chimene wanga ankadya. Ndinkamugulira suti ya Pasaka chaka chilichonse, alongowa ndi mboni. Bambo ake ankagwira ntchito ku zitsime za mafuta za m'nyanja, amapita masabata ambiri, ndiye mtolo wonse unali wanga. Ndinagwada, ndinasala kudya chifukwa cha iye. Koma mtima wake unali wouma chibadwire."

"Amen," anatero amayi angapo kumabenchi, mpaka woweruza anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

Mayi Tran anaimirira. "Bwana, ndikuitana Mayi Yvette Papillion."

Alton anagwira mkono wa mkazi wake. "Yve, chonde," ananong'ona. "Ndagwira mwendo wako." Yvette anachotsa dzanjalo ngati akuchotsa ulusi pa malaya, n'kupita kutsogolo. Podutsa pafupi ndi apongozi ake anachedwetsa dala phazi.

"Munalowa liti m'nyumba ya a Papillion?" anafunsa Mayi Tran.

"Nditangokwatiwa. Jerrod anali ndi zaka khumi ndi ziwiri."

"Ankagona kuti?"

"Bambo ake akakhalapo, ankagona pa sofa. Galimoto ya bambowo ikangokhota pa msewu kupita kunyanja, apongozi anga ankamutulutsa. Ankagona m'shedi, mmene tinkasungamo makina otchetchera udzu ndi mafuta a galimoto. Suti ya Pasaka ndi yoona. Ankaivala popita kutchalitchi, pobwera ankaivula pakhonde."

"Ankadya chiyani?"

"Zotsala, zikatsala. Firiji inali ndi loko. Nthawi zina a Fontenot omwewo ankamupatsa buledi wa dzulo."

Renée anadzutsa mutu.

"Zipsera za kumsana kwake mukuzidziwa?"

"Ndi nthambo ya magetsi, ya ayironi yakale. Apongozi anga ankaipinda pawiri. Ankamumenya akakodza pogona, akayang'ana m'maso, akatchula mayi ake. Tsiku lina anamumenya chifukwa anaseka ngati bambo ake." Yvette anatembenuka n'kuyang'ana apongozi ake m'maso. Mtima wake unkakoma, tisaname, unkakoma ngati wamwa madzi ozizira. "Pomumenya ankaimba nyimbo ya mpingo mokweza, kuti a nyumba yoyandikana asamve kulira."

"Bodza!" anatero Mayi Ozella. Woweruza anamenya tebulo.

"Mungatiuze za chaka cha mkuntho?" anapitiriza Mayi Tran.

Palibe wa ku Belle Anse amene saukumbukira mkuntho umenewo. Unasasula madenga, madzi anafika m'mawindo, ndipo tonse tinathawira mu holo ya tchalitchi chifukwa ndi ya njerwa ndipo ili pokwera. Mayi Ozella ndi amene anatiphikira masiku onsewo, mpaka mpingo unawapatsa chikho cha ulemu.

"Tikuthawa, Jerrod anatsala m'shedi, chitseko chili chokhoma kunja," anatero Yvette. "Anali ataba soseji, ndiye apongozi anga anati aphunzire. Titabwerera tinamupeza atakwera pa shelefu, madzi ali m'munsi mwake, mawu atatha ndi kukuwa. Kuyambira tsiku limenelo mwana uja sanalirenso, ngakhale amumenye bwanji. Chaka chotsatira anayamba kugona kwa anyamata a mifuti aja."

Kumabenchi oyera kunamveka phokoso. Mayi Dautrive, mnzawo wa Mayi Ozella wa pa mtima, anaimirira osadziwa kuti aimirira. "Ozella! Si unatiuza kuti mwanayo ali kwa azakhali ake? Ndinakufunsa ine ndemwe mu holo muja!"

"Khalani pansi, mayi, kapena ndikutulutsani," anatero woweruza.

Chipewa cha Mayi Ozella chinali chikunjenjemera. Yvette anachiona, ndipo akanatha kutsika pamenepo atakhuta. Koma loya wa boma anali ataimirira kale, bambo wamtali wa mawu ofatsa.

"Mayi Papillion, apongozi anu mumawakonda?"

"Ayi."

"Mumadana nawo?"

"Kwambiri."

"Zikomo chifukwa cha chilungamo. Ndiye tiyeni tione nthano yanuyi. Apongozi anu ndi munthu wamfupi, ndipo timva kuti nyamakazi inawayamba kalekale. Mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, khumi ndi zisanu, amathamanga, amalimbana. Mukufuna khoti lino likhulupirire kuti ankangoima n'kupereka msana? Kuti mayi amenewa anamukoka okha kukamutsekera m'shedi mphepo ikuwomba?"

Yvette anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Apa m'pamene anaona dzenje limene anakumba, ndi amene ati agweremo.

"Mwakhala chete. Ndiye kuti sizinachitike?"

"Zinachitika."

"Zinatheka bwanji?"

Yvette anayang'ana Alton. Bamboyo anali atagwira benchi la kutsogolo ndi manja onse awiri, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Ndi mwamuna amene ankamusisita mapazi akaweruka, amene anagona pansi m'chipatala pamene iye anachitidwa opaleshoni. Akanangoti sindikukumbuka, ukwati ukanatsala, umboni wonse n'kusanduka nsanje ya mpongozi, Jerrod n'kubwerera kukafera kundende. Anayang'ana Jerrod. Kwa nthawi yoyamba Jerrod anali atadzutsa maso, ndipo naye ankapukusa mutu, kumuuza kuti asanene.

"Yankhani funso, mayi," anatero woweruza.

"Sankakhala okha." Misozi inayamba kutsika. "Panali womugwira."

"Ndani?"

"Mwamuna wanga. Alton ankamugwira manja, kumukanikiza pa tebulo la kukhitchini. Mayi ake akati gwira, iye ankagwira. Ndipo loko wa pa shedi tsiku la mkuntho anakhoma ndi iyeyo."

Loya wa boma anaima kukamwa kuli yasa. Anafunsa funso loti agwetse mboni, ndipo linagwetsa mlandu wake womwe. Alton anabisa nkhope m'manja n'kulira mokweza ngati pa maliro. Kulira kumeneko kunali umboni woposa mawu onse a Yvette.

Mayi Ozella anadzuka, ndodo ikugwa pansi. "Mfiti iwe! Njoka imene ndinaisunga m'nyumba! Mwana wanga umusiye, ankamvera mayi ake! Inde ndinamumenya, ndipo ndikanamumenya kuposa pamenepo! Mukudziwa inu kuwawa kwake, tsiku lililonse kuona mwana wa hule uja pa tebulo panga? Madzi aja akanamutenga, bwenzi a Fontenot ali moyo!"

Woweruza anaimitsa mlandu kuti anthu akapume, ndipo alonda anawatulutsa Mayi Ozella akukuwabe.

Pakhonde la khoti amayi a mpingo anadutsa mmodzimmodzi, osawayang'ana. Mayi Ozella anali atakhala pa benchi, chipewa chitapendekeka.

"Alongo, imani timvane. Dautrive, iwe ukundidziwa."

"Ndimayesa ndikukudziwa," anatero Mayi Dautrive. "Ndinadya chakudya chako mu holo muja, mwana ali m'madzi. Chikundibwerera kukhosi. Makiyi a tchalitchi upereke kwa abusa, usadikire kuti tidzawatenge."

Anatsika masitepe, ndipo basi ya mpingo inanyamuka mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu.

Renée Fontenot anabwera pambuyo pawo. Anaima patsogolo pa Mayi Ozella.

"Bambo anga ankamupatsa buledi," anatero. "Ankabwera kunyumba n'kumati, mwana wa a Papillion uja ali ndi njala, koma mayi ake ndi munthu wa Mulungu, mwina ndi kusakhuta kwa anyamata. Ndinabwera kuno ndikudana ndi munthu mmodzi. Ndikubwerera ndikudana ndi awiri, ndipo winayo palibe amene adzamumange." Anatembenukira kwa Yvette. "Inunso musayembekeze zikomo kwa ine. Bambo anga sadzuka."

"Sindikuyembekeza, mwanawe," anatero Yvette.

Alton anatuluka m'chimbudzi nkhope ili yonyowa. Anaima patali pang'ono ndi mkazi wake.

"Wakhuta?" anafunsa.

"Sindinkafuna iwe, Alton. Mulungu akudziwa. Ndinkafuna mayi ako."

"Koma wandipha ine. Ndiyenda bwanji m'tauni muno? Anzanga a kuntchito andiona bwanji? Ndinali mnyamata, Yve, ndinkaopa."

"Unali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndevu zili pachibwano, mkazi uli naye. Mnyamata anali uja unkamugwirayo."

"Ndinakuuza kuti ukalankhula usadzapondenso m'nyumba muja."

"Ndinamva. Zovala zanga zili kale m'galimoto kuyambira m'mawa."

Alton sanayembekeze yankho limenelo. Ukali wonse unamuthera, anatsala bambo wotopa. "Usapite. Ndinangolankhula. Tikhoza kuchoka tonse, tikapeze kanyumba kwina, Amayi tiwasiye."

"Mawu amenewo ndinawadikira pamene ndinkakweza Simone basi ya ku Houston, akukuwa kuti Amayi musandisiye. Unali pomwepo, manja m'thumba. Lero achedwa."

Masana woweruza anabwerera ndi chigamulo. Anati imfa ya a Fontenot ndi yolemera ndipo sidzapepuka, koma khoti loyamba linaweruza mwana osafunsa kumene anachokera. Anachotsa mawu aja oti popanda tsiku lotuluka. Jerrod adzakhalabe m'ndende, koma chaka chamawa adzaloledwa kuima pamaso pa bungwe loona za kumasula akaidi n'kupempha. Sanamulonjeze ufulu. Anangomutsegulira khomo limene linali lokhoma kuyambira ali mwana.

Renée anatuluka osadikira kuti woweruza amalize. Mayi Tran anagwira phewa la Jerrod, amene ankangoyang'ana tebulo ngati sanamve. Mayi Ozella anali atabwerera mwakachetechete n'kukhala pa benchi lomaliza, okhaokha pakati pa malo onse aja amene m'mawa anali oyera ndi zipewa.

Alonda atamuimiritsa Jerrod kuti azipita, anadutsa naye pafupi ndi Yvette. Anaima pang'ono.

"Alamu, simukanamutchula. Ine sindinamutchulepo."

"Anandifunsa," anatero Yvette. "Ndipo usandithokoze. Sindinachitire iwe."

"Ndikudziwa. Komabe mwanena."

Pamenepo Alton anadzikoka n'kufika pa kampanda kolekanitsa anthu ndi akaidi.

"Jerrod. Mng'ono wanga. Ndikhululukire. Ndidzabwera kudzakuona, ndidzakuyankhulira kubungweko, chilichonse chimene ukufuna. Tandipatsa dzanja, m'bale wanga."

Jerrod anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yake inalibe ukali, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri. Kenako anatukula manja ake onse awiri, omangidwa pamodzi ndi unyolo, n'kuwaika patsogolo pa mkulu wake.

"Gwirani, achimwene," anatero mofatsa. "Paja inu mumadziwa kugwira."

Manja a Alton anagwa m'mbali. Alonda anamukoka Jerrod, unyolo ukulira pansi, chitseko cha m'mbali n'kutsekeka.

Yvette anatenga chikwama chake. Podutsa pa benchi lomaliza, apongozi ake anamugwira siketi. Mawu awo anali atachepa, a nkhalamba yeniyeni.

"Yvette, mwananga, mankhwala anga a madzulo ndani andipatse? Alton sadziwa kuti ndi ati."

"Aphunzira, Amayi," anatero Yvette, n'kumasula zala zawo chimodzichimodzi. "Ndi mwana womvera."

Anatuluka, nalowa m'galimoto, n'kulunjika msewu wa ku Houston, osadziwa ngati Simone akamutsegulira chitseko. Kumbuyo m'khoti Mayi Ozella ankaitana mwana wawo kuti adzawadzutse. Anaitana, anaitananso, koma Alton anangoima pa kampanda paja, msana uli kwa iwo, osatembenuka.